Ngaka, kanyama kopanda mano

Usiku wathawu ndaonera kavidiyo ka ngaka ikuyenda ndi miyendo yakumbuyo yokha, yakutsogolo itapinda pachifuwa ngati mlendo wamanyazi, kamwana kake katakakamira pamchira. Ndinaseka ndekha, koma kenako chisoni chinandigwira.

Abale, nyamayi ilibe dzino ngakhale limodzi. Imadya nyerere ndi chiswe basi, imazinyambita ndi lilime lake lalitali lomata, ndipo usana imagona m'mauna. Ikaopsezedwa siluma, imangodzipinda n'kukhala ndundundu ngati mpira. Mkango umaigubuduza mpaka kutopa, n'kuisiya. Munthu ndiye amangoitola n'kuponya m'thumba.

Akuifuniranji? Mamba ake, omwe ena ku Asia amati ndi mankhwala. Chonsecho mambawo ndi keratin, chinthu chomwecho chimene chimapanga zikhadabo zathuzi. Bwanji osangodziluma zala?

Mu 2016 mayiko a m'pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zam'tchire, atakumana ku Johannesburg analetsa malonda a pakati pa mayiko a mitundu yonse 8 ya ngaka, 4 ya mu Africa ndi 4 ya ku Asia. Koma ozembetsa sanasiye. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti ngaka nthawi zambiri imabereka mwana mmodzi yekha pachaka, ndiye ikagwidwa yaikazi imodzi, dzenjelo silikwiririka msanga. Onjezani moto wolusa wa m'tchire ndi kudula mitengo, nyerere zake zikasowa iyo ipita kuti?

Ine ndikadzaiona kuthengo, foni ndidzatulutsa, koma malowo sindidzauza munthu.