Corolla yanga: mabuleki akutsogolo atheka, akumbuyo akudikira

Ntchito ya pa Corolla yanga yafika pa mabuleki tsopano. Kwa amene simukuidziwa, ndi NZE121 ya 2003, injini ya 1NZ, otomatiki, imodzi mwa zija zinabwera kuchokera ku Japan zitayenda kale. Mwezi watha ndinali pa mabushi akutsogolo, ndipo mwezi uno ndimafuna ndikonze mawaya a magetsi akumbuyo. Mawayawo adikira kaye.

Chinandisinthitsa maganizo ndi kaphokoso. Ndikamayandikira mahampu n'kuponda buleki pang'ono, kutsogolo kumanzere kumamveka kuti tswiii, ndikaponda mwamphamvu kumasiya. Si phokoso lililonse la mabuleki lomwe ndi vuto. Galimoto ikagona panja mvula itagwa, madisiki amachita dzimbiri lopyapyala, ndiye m'mawa amakwecha mpaka utaponda kangapo. Fumbi la mu Okutobala nalonso limaliritsa. Koma zimenezo zimatha usanafike pamsewu waukulu. Kanga aka kankayenda nane tsiku lonse.

Nditasuzumira m'mipata ya limu ndi tochi ya pafoni, padi inkaoneka yonenepa bwinobwino. Apa ndi pamene ambiri timapusitsikira, chifukwa imene imaoneka kunjako ndi padi yakunja yokha. Disiki imapanidwa ndi mapadi awiri, ndipo yamkati, imene pisitoni imakankha, suingaione tayala lili pomwepo. Loweruka ndinakweza galimoto pa jeke, n'kuikira zochirikiza pansi pake, ndi mwala kuseri kwa tayala lakumbuyo. Jeke yekha sindimudalira ngakhale pantchito ya mphindi zochepa. Nditachotsa tayala ndinamasula bawuti lapansi la kalipa (chitsulo chimene chimasunga mapadi ndi pisitoni) n'kuitukulira m'mwamba. Padi yakunja inali ndi mamilimita 7. Yamkati inali isakukwana 2, ndipo inadyeka mopendekera, mbali ina yopyapyala kuposa inzake. Padi yatsopano imakhala ndi mamilimita 10 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo ikafika pa 3 ndi nthawi yoti uyambe kufunsa mitengo. Kachitsulo kopindika kamene opanga amaika pambali pa padi kuti kazikhudza disiki padi ikatha kanali katayamba kale kunyezimira kunsonga. Ndi kameneko kankaimba.

Mapadi awiri a tayala limodzi akasiyana chonchi, vuto si mapadiwo ayi. Kalipa ya galimoto ngati iyi imayenda pa timapini tiwiri, kuti pisitoni ikakankha padi yamkati, kalipa yonse isunthe n'kukoka yakunja, onse apane disiki mofanana. Kapini kam'mwamba kanatuluka ndi zala zokha, kali ndi girisi wake. Kapansi kanakana. Ndinachita kukapotokola ndi pulayala uku ndi uku, ndipo katatuluka kanali kouma, kofiira ndi dzimbiri. Kalabala kamene kamatchinga fumbi kanali katang'ambika, ndiye madzi amatope a dzinja lathali analowa n'kukhazikika momwemo. Ukangosintha mapadi osaona timapini timeneti, atsopanowo adyekanso chimodzimodzi, iwe n'kumanena wogulitsa kuti anakupatsa achinyengo. Achinyengowo aliko ndithu m'misika mwathumu, ena amalira tsiku lomwelo, koma si nthawi zonse pamene mlandu uli wawo.

Kapiniko ndinakapala ndi sandipepa wosalala, n'kupaka girisi wa silicone, kalabala n'kusintha. Girisi wamba wa mabeyaringi amatupitsa labala, ndiye pakapita miyezi kapini kamagwiranso.

Pali achikulire ena pafupi ndi kwathu kuno amene anagwirapo ntchito yokonza malole, ndipo akaona galimoto yakwera pa jeke sadutsa. Anandipeza nditatsegula boneti, ndikuyang'ana kabotolo ka mafuta a mabuleki, amene anali atatsika kufika pafupi ndi mzere wapansi wolembedwa MIN. Anati, "Aphwanga, musathiremo kaye. Bwezerani pisitoni ija mkati, muone." Nditaikankha kuti mapadi atsopano akwane, mafuta anakwera okha. Mapadi akamadyeka, pisitoni imatuluka kwambiri ndipo mafuta amaitsatira, choncho kabotolo kaja kamakuuza za mapadi usanamasule nati n'limodzi lomwe. Munthu amene amangowonjezera mafuta nthawi iliyonse akatsegula boneti amafufuta chizindikiro chimenechi, ndipo tsiku losintha mapadi mafuta amasefukira, n'kudya penti. Koma akamatsika msangamsanga, sabata ino wathira sabata yamawa atsikanso, pamenepo penapake pakudontha, ndipo galimotoyo siyoyenda nayo.

Mtundu wa mafutawo sunandisangalatse. Atsopano amakhala oyera, achikasu pang'ono, koma anga anali ngati tiyi wopanda mkaka amene wakhalitsa pamoto. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyontho cha mumpweya pang'onopang'ono, ndipo madzi akachuluka amawira msanga. Mafuta atsopano a mtundu wa DOT 3 sayenera kuwira kutentha kusanafike madigiri 205, koma akamwa madzi malire ake amatsika kufika pa 140. A mtundu wa DOT 4 ndi 230 ali atsopano, 155 akamwa madzi. M'tauni muno kusiyana kumeneku sungakuone. Umakuonera pamtsetse wa ku Chikwawa, potsika kuchokera ku Blantyre kulowera ku Thabwa, pamene makhotakhota amakukakamiza kuponda buleki mosalekeza. Mafuta akawira mumapaipi mumakhala nthunzi, nthunzi imafinyika, ndipo pedulo imangolowa pansi galimoto ikupitirira. Mapadi nawonso akatentha kwambiri amaterera pa disiki n'kumanunkha chopserera. Ine msewu umenewu ndimaudutsa kawirikawiri popita kukaona abale, ndipo ndimatsika giya ili pa 2, pena pa L, kuti injini igwire galimoto. Zoti munthu atsike mtsetse ngati umenewo, kapena wa Chiweta, giya ili pa N ati kupulumutsa petulo, ine sindigwirizana nazo mpang'ono pomwe. Mafuta a mabuleki amafunika kusintha pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo anga mwachionekere anapitirira kalekale.

Popeza tayala linali kunja, ndinaonanso disiki. Ndinayendetsa chikhadabo kuchokera pakati kupita m'mphepete. Mizere inalipo koma yosazama, ndipo kumphepete kunali kamlomo kakang'ono kamene kamatsala pomwe padi sifika. Disiki iliyonse inadindidwa nambala ya pomwe iyenera kulekezera, pamalembedwa MIN TH, koma umachita kupala dzimbiri kuti uione. Nditayeza, yanga inali idakali pamwamba pa nambalayo, ndiye ndaisiya. Kachitsulo kaja kakanapanda kulira, padi ikanatha mpaka chitsulo chake kuyamba kukhukhuluza disiki, ndipo ndalama yake ikanakhala ina.

Mnzanga wina wa Toyota Sienta anadandaula kuti chiwongolero chikunjenjemera, ndipo anali atalipira kale kuti amubalansire matayala, koma osasintha. Ndinamufunsa kuti chimanjenjemera nthawi yanji. Ngati ndi pamene wathamanga chabe, phazi lili kutali ndi buleki, yang'ana matayala. Ngati ndi pokhapokha waponda buleki, makamaka uli pa liwiro, ndiye kuti madisiki akutsogolo sali osalala mofanana. Zimenezi n'zosiyana ndi kugunda kumene umamva kuphazi ukaponda mwadzidzidzi pamsewu wamiyala kapena pamatope. Kumeneko ndi ABS, imene imaletsa matayala kugwiriratu n'kuterereka, ikugwira ntchito yake, ndipo phazi silifunika kuchotsa.

Phazi limadziwa zambiri ukaliphunzitsa. Achikulire aja anandionetsa zoyesa ziwiri zomwe sizifuna sipanala. Injini ili yozima, ponda buleki kangapo mpaka pedulo ilimbe, kenako uli chipondere liza injini. Pedulo iyenera kutsika pang'ono, kusonyeza kuti booster, imene imawonjezera mphamvu ya phazi lako, ili moyo. Ikakhala youma gwa, ndiye kuti booster kapena paipi yake ya mpweya ili ndi vuto, ndipo uziponda ndi mphamvu zako zokha. Chachiwiri, injini ikulira, ponda mosasintha mphamvu n'kudikira kwa kanthawi. Pedulo ikamapita pansi pang'onopang'ono koma pansi pa galimoto palibe dontho, timalabala ta mu master cylinder, pampu imene pedulo imakankha, tatha. Ikakhala yofewa, yofuna kupopa kawiri kuti igwire, nthawi zambiri mwalowa mpweya. Yanga inakhoza zoyesa ziwiri zija, koma kufewa kulipo pang'ono.

Mapadi ndasintha mbali zonse ziwiri, ngakhale akumanja anali adakali ndi moyo. Kusintha tayala limodzi kumapangitsa galimoto kukokera mbali ukaponda. Ndisanachoke pakhomo ndinapopa pedulo mpaka inalimba, chifukwa pisitoni ukaibweza mkati, kuponda koyamba kumapita pansi popanda kugwira chilichonse, ndipo geti la kwathu lili pamtsetse. Kenako ndinapita pamsewu wopanda anthu ambiri, kuthamanga pang'ono n'kuchepetsa liwiro mobwerezabwereza, osaimiratu, kuti mapadi azolowerane ndi madisiki. Pobwera ndinayandikiza dzanja pa malimu onse awiri, osakhudza disiki. Kutentha kunali kofanana. Limu limodzi likatentha kuposa linzake, buleki ya tayala limenelo ikugwira ngakhale usanaponde, ndipo petulo naye amathera pomwepo. Galimoto ikuima mowongoka, kaphokoso katha.

Kumbuyo ndiye kwatsala. Galimoto iyi kumbuyo ili ndi madramu, ndipo madramu sakonda kulira, amangofooka. Handibuleki ikukwera kwambiri isanagwire, moti pachitunda ndimaimva galimoto ikutsamira pa giya ya P. Choipa kwambiri, nditalowa pansi ndi tochi ndinaona kuti kuseri kwa dramu lakumanja, chakumunsi, fumbi lanyowa n'kuda, pomwe kumanzere kuli kouma. Ndikukayikira kasilinda kamene kamakankha mashuzi, amene amagwira ntchito ya mapadi mkati mwa dramu. Ngati mafuta afika pa mashuziwo, kutsuka sikuthandiza, ndi osintha basi, mbali zonse ziwiri. Mpaka nditatsegula dramu limenelo, galimoto sipita ku Chikwawa, ndipo m'mawa uliwonse ndikumaona kabotolo kaja ndisanalize injini.

Loweruka likubwerali nditsegula madramu, ndikatero ndichotse mafuta onse akale, kuyambira tayala limene latalikirana kwambiri ndi master cylinder. Mwana wa mchemwali wanga wavomera kudzakhala pampando kuti azipopa ine ndikumasula kanipo kotulutsira mafuta ndi mpweya. Botolo la mafuta ndagula losatsegula, chifukwa lotsala lija lakhala pashelefu chitsegulire ndalitaya. COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ikutha mwezi wamawa, ndiye ndikufuna zonsezi zithe ndisanapite nayo kokayezetsa.