Lamlungu ku Rosettenville, mkangano wa Rennala

Kuzizira kwa Joni lero kunali kolowa m'mafupa, moti tinangounjikana m'chipinda momwe muli hita. Pochokera kutchalitchi ndinagula ufa ndi usipa kwa mayi wa ku Mangochi amene amagulitsa pakona paja. Pofika ndinapeza mng'ono wanga ali pa gemu ya Elden Ring, nkhope ili gwaa, alamu ali pambali ndi kapu ya tiyi.

Nkhani yake inali iyi. Mnyamatayu wapha chilombo cha Magma Wyrm ku Gael Tunnel n'kupeza lupanga la Moonveil, lomwe limafuna kuti munthu wako wa mu gemu akhale ndi mapointi 23 a Intelligence ndi 18 a Dexterity. Iye anayamba ndi class (mtundu wa munthu) ya Vagabond, imene Intelligence yake ndi 9, ndipo mapointi ake ambiri anawathira ku Strength. Lupanga lili m'thumba koma silikugwirika bwino. Rennala, mfumukazi ya ku Raya Lucaria imene ukaigonjetsa imakulola kugawanso mapointi, mnyamatayu anamugonjetsa kale, Larval Tear yolipirira ali nayo, ndiye amafuna apite akagawe mapointiwo mwatsopano.

"Kumeneko ndi kubera, iwe," anatero alamu. "Unasankha wekha, pirira."

Alamuwa ndi a Diablo II, gemu ya mu 2000, imene ankasewera mu intaneti kafe ku Limbe asanabwere kuno. Nthawi imeneyo pointi ikapita yapita. Wolakwitsa amayamba munthu watsopano kuchokera pa level 1. Zoti Akara, mayi wa mu gemuyo, angakubwezere mapointi ukamaliza ntchito ya Den of Evil zinabwera mu 2010 ndi patch 1.13, ndipo mpaka pano alamu amati apo m'pamene gemuyo inafewa.

Ndinawafunsa kuti, "Nanga alamu, Paladin wanu uja munamuganiza nokha?" Anaseka kaye, kenako n'kuvomera kuti anali Hammerdin, Paladin woponya nyundo, wokopera pa intaneti ngati wa aliyense. Apa m'pamene ine ndimaima. Ukamuuza munthu kuti akaphonya palibe kubweza, sayesa chilichonse. Amasunga mapointi osawagwiritsa, kapena amatsata zimene ena analemba, mzere ndi mzere. Lamulo limene amati limalemekeza chisankho cha wosewera ndi lomwelo limam'landa chisankhocho. Kuwonjezera apo, mng'ono wangayu amatsuka mbale mu resitilanti ku Sandton, amabwera usiku miyendo itatupa. Kumuuza kuti ayambirenso ku Limgrave, koyambirira kwa gemuyo, chifukwa cha manambala amene sankawamvetsa tsiku loyamba ndi nkhanza chabe.

Sindikunena kuti zonse zizikhala zaulere. Mu Baldur's Gate 3 ya Larian, ya mu 2023, munthu wa mu gemuyo wotchedwa Withers amakusinthira class yonse ndi golide 100 yokha, ndipo ndalamayo utha kum'bera m'thumba iye osakwiya n'komwe. Zimenezi zimandinyong'onya, munthu wako amasanduka jekete, kuvula ndi kuvala nkhondo iliyonse isanayambe. Koma gemu yomweyo ili ndi kanthu kamene ndimakakonda. Paladin akaswa lumbiro lake, Withers amakana kumusintha mpaka apite kwa Oathbreaker Knight akalipire golide 1,000 kuti lumbirolo libwerere. Manambala ndi otchipa, zimene wachita n'zodula. Ukapha anthu a ku Emerald Grove, palibe ndalama imene ingawadzutse. Kwa ine malire oyenera ndi amenewo: Strength ndi Dexterity zisinthike, koma amene wam'pereka akhale woperekedwa mpaka gemu ithe.

FromSoftware, kampani yopanga Elden Ring, nayo inachita bwino pa Rennala. Level siisintha, sungatsike kupitirira pomwe class yako inayambira, ndipo ma Larval Tear ndi owerengeka m'dziko lonselo, ndiye umaganiza kaye usanadine.

Nsima itapsa mkangano unapuma pang'ono, popeza usipa wa tomato sufuna zoyankhulayankhula. Titasamba m'manja mnyamata anapita kwa Rennala. Anakhala nthawi yaitali pa sikirini ija, akukweza Intelligence, kutsitsa Strength, kubwezanso, chala chili pa batani koma osadina.

"Achimwene, Vigor ndiisiye pomwepa?"

Ndinamuuza kuti asaikhudze. Alamu anati aichotseko, popeza wamatsenga safuna magazi ambiri, ndipo anayamba kumuwerengera pa zala mapointi oti apite ku Mind, mphamvu yochitira matsenga. Mnyamatayo anamvera alamu, ndipo msilikali woyamba amene anakumana naye ku Caelid anam'gwetsa asanasolole n'komwe lupanga latsopanolo.