Mmene ndimakonzera tebulo la alendo 20 pa Khrisimasi

Tebulo la pa Khrisimasi ndimaliyamba dzulo lake, chifukwa tsiku lenilenilo manja amakhala ali pa mbaula. Choyamba ndi nsalu. Tebulo lodyera la anthu 6 limakwanira chitenje chimodzi cha mamita 2, koma poti alendo 20 amadzitengera okha chakudya, ndimaphatikiza matebulo awiri n'kuyala zitenje ziwiri zofanana. Chitenje chatsopano musachiyale musanachichape. Chimakhala cholimba, ndipo china chimatulutsa utoto madzi akangotayikirapo, utotowo n'kudetsa tebulo kapena malaya a mlendo. Ndimachichapa pachokha m'madzi ozizira, n'kuchiyanika pamthunzi, n'kuchisita chikadali ndi kachinyezi. Ngati tidyera pakhonde, m'makona ndimapana ndi mapegi kunsi kwa tebulo, popeza mvula ya mu Disembala imabwera ndi mphepo yake.

Chitenje chikakhala cha maluwa ambiri, zinazo zikhale zosachulutsa mitundu. Pakati ndimayalapo tsamba limodzi la nthochi lochotsa msana. Tsamba laliwisi limang'ambika mukangolipinda, choncho ndimaliwawula pamoto wochepa mpaka liyambe kuwala ndi kufewa, kenako n'kulipukuta ndi kansalu konyowa. Ili ndimawawula m'mawa wa tsikulo, likagona limada m'mphepete.

Zoikamo maluwa sindigula. Mabotolo a jamu kapena a mayonezi 5 amakwana. Ndimawaviika m'madzi otentha kuti mapepala amatuke, n'kuwakulunga ndi timizere ta nsalu totsala kwa atelala, kapena kuwazunguliza chingwe cha khonje kuyambira pansi mpaka pakhosi, nsonga yake n'kuimata ndi guluu. Mabotolo ena atatu ndimathiramo mchenga wouma wofika theka n'kuzikamo kandulo. Magetsi akathima chakumadzulo kandulo wotereyu sagwa, ndipo phula limadonthera mumchenga m'malo mwa pa chitenje.

Maluwa ndiwo amafuna chidwi. Ndimawadula dzuwa lisanatuluke, ndili ndi ndowa ya madzi m'manja, kuti duwa likangodulidwa lilowe m'madzi. Lodulidwa masana limafota musanafike nalo m'nyumba. Tsinde lake ndimalidulanso mopendeketsa ndi mpeni wakuthwa kuti limwe bwino, ndipo masamba onse amene angamire ndimawathothola, chifukwa ndi amene amawola n'kununkhitsa madzi. Pa lita imodzi ya madzi ndimathira sipuni yaing'ono ya shuga ndi madontho atatu a Jik. Shuga amadyetsa duwa, Jik amaletsa madzi kuchita matope. Mukachulutsa Jik tsinde limapsa.

Sikuti duwa lililonse la pabwalo limagwirizana ndi botolo. Bougainvillea ndi wokongola pampanda koma akadulidwa amafota msanga, ndiye ndimamuika pomaliza, alendo atatsala pang'ono kufika. Hibiscus amakhala tsiku limodzi lokha, kaya ali m'madzi kaya ayi, choncho ndimangomugoneka pa tsamba la nthochi lija. Frangipani ali ndi utomoni woyera woyabwa, umene suyenera kukhudza chakudya kapena maso: ndimatola maluwa okha, n'kuwayandamitsa m'mbale yadothi ya madzi, kenako n'kusamba m'manja. Utali wa maluwa ndimauyeza chonchi: chigongono patebulo, dzanja m'mwamba, maluwa asapitirire nkhonya. Akatalika kuposa pamenepo anthu amalankhulana mosuzumirana. Ndipo pakati pa tebulo mpa chakudya. Mabotolo awiri okha ndi amene amakhala pamenepo, enawo amapita pawindo ndi posambira m'manja.

Kumbali ya chakudya, mpunga wa Kilombero ndimawerengera kapu imodzi kwa anthu awiri, kutanthauza makapu 10 kwa anthu 20, pafupifupi makilo awiri. Pakakhala achinyamata ambiri ndimafika makilo atatu. Madzi ndi makapu awiri pa kapu iliyonse ya mpunga, koma mumphika waukulu ndimachepetsako pang'ono, ndipo madzi akauma ndimaphula makala ena pansi n'kuwaika pa chivundikiro kuti upse bwino osapserera. Nkhuku ya lokolo imatuluka nthuli 8 kapena 10, ndiye zitatu zimakwana ngati palinso nyemba ndi masamba otendera. Imachedwa kufewa, choncho imakhala yoyamba kukwera pamoto. Ngati pali alendo achisilamu, nkhukuyo ikhale yozingidwa mwa mwambo wawo, ndipo nyama ya nkhumba tsiku limenelo sindiphika n'komwe.

Kachumbari amawonongeka ndi changu. Anyezi atatu ndimawadula mopyapyala n'kuwaviika m'madzi amchere kwa mphindi 10 kuti ukali uchoke. Tomato 10 ndimadula kutatsala ola limodzi, koma mchere ndi madzi a mandimu ndimathira pomwe anthu akusamba m'manja. Mchere ukalowa msanga tomato amatulutsa madzi, mbale yonse n'kusanduka msuzi. Kambuzi amakhala m'kambale kake, aliyense adziikire.

Mango ndi chinanazi ndimaziika m'lichero loyalamo tsamba la nthochi, koma zosasenda. Mango osenda nyengo ino amaitana ntchentche za mudzi wonse, choncho ndimasenda anthu atatha kudya, ndipo chilichonse chotsekemera chimadikira chovundikiridwa. Kumene kuli nyerere, miyendo ya tebulo ndimaiimika m'zivundikiro za mabotolo zothiramo madzi.

Posanja, mbale zimakhala koyambira, kenako mpunga, ndiwo, kachumbari, masipuni kumapeto, kuti munthu asavutike ndi sipuni pamene akupakula. Thobwa ndi zakumwa zina zimakhala pa katebulo kena kutali, apo ayi mzere umaima. Jagi, beseni, sopo ndi kathawulo zimakhala pakhomo. Akuluakulu saima pamzere. Amasambitsidwa m'manja pomwe akhala ndipo chakudya chawo chimawapeza m'mabakuli.

Nsima ndiyo yomaliza. Madzi ndimateleka alendo ambiri atafika kale, ndipo pakatha mphindi 30 mitanda imakhala ili m'bakuli lovundikira, pemphero likuyamba.