Sabata yathera pa Beethoven wa 1913

Ntchito yanga kuno ku Manchester ndi yosamutsa nyimbo za pa zimbale zakale kuziika pa kompyuta. Kumudzi ndikawauza kuti ndimakhalira kumvera ma kondakitala tsiku lonse amangoganiza za minibasi za ku Limbe kkkk, koma ndi aja amagwedeza kandodo kutsogolo kwa orchestra.

Lolemba kunabwera mayi ena achikulire ndi katoni ya malemu bambo awo, zimbale za 78 zokhazokha, zija zakalekale zozungulira ka 78 pa mphindi, kulemera kwake ngati njerwa. Nditavundukula ndinangoti eee, symphony nambala 5 ya Beethoven, Berlin Philharmonic, wotsogolera Arthur Nikisch, yojambulidwa mu 1913. Nthawi imeneyo maikolofoni kunalibe mu situdiyo, zojambula ndi magetsi zinayamba 1925, ndiye oyimba ankangothithikana kukamwa kwa chilipenga chachikulu, mawu nkumanjenjemeretsa singano, singanoyo nkumalemba pa phula. Mbali imodzi imangotenga mphindi zinayi ndi kanthu, symphony yonse inadya mbali 8.

Lachiwiri ndinatsala pang'ono kufa ndi BP. Mnyamata watsopano wa kuntchito kwathu ndinamupeza ali ndi sipiriti m'manja akuti apukute, ndinakuwa mpaka bwana anatuluka mu ofesi. Zimbale izi si pulasitiki ngati ma LP omwe anabwera 1948, ndi shellac, mtundu wa utomoni wouma, sipiriti amaisungunula. Madzi oyera ndi kadontho ka sopo basi, kenako singano yonenepa chifukwa ya LP ndi yowonda imakakanda pansi pa mzere nkumangotola zinyalala.

Lachitatu ndiye panali ntchito. Dzina ndi 78 koma makina a nthawi imeneyo sankazungulira ndendende 78 pa mphindi, ndiye mbali iliyonse umayamba waimvetsera kaye, kukweza kapena kutsitsa liwiro mpaka mawu akhale pamalo pake, ukatero uyilumikize ndi inzake pasaoneke msoko, ndipo kumapeto kwa mbali oyimba amakonda kuchepetsa liwiro podziwa kuti phula latha, iwe uzivutika kubisa zimenezo. Ndinatuluka 9 koloko usiku makutu akulira.

Lachinayi ndinalakwitsa ndekha. M'mawa ndinamvera kaye symphony yomweyo ya kondakitala Carlos Kleiber ndi Vienna Philharmonic ya 1974, ija ya stereo yomveka mpaka bass ikugunda pachifuwa, ndiye nditabwerera kwa Nikisch phokoso lake linandinyansa, thetheee ngati akukazinga chimanga. Ndinapanikiza software yochotsa phokoso mpaka chimanga chonse zii. Koma mavayolini anapita nacho limodzi, anatsala akumveka ngati akuimbira pansi pa madzi. Bwana anamvera pang'ono nkungondiyang'ana, sanayankhule. Ndinayambiranso, kungochotsa ma "tcha tcha" akuluakulu amodzi amodzi pamanja, kaphokoso kapansi ndikukasiya. Ndipo kunena zoona khutu likazolowera umamva zomwe a masiku ano sachita, Nikisch amakoka nyimbo pena nkuithamangitsa mmene wafunira, mavayolini amatsetsereka pochoka pa noti ina kupita pa inzake. Ine Kleiber ndimamukondabe kuposa, koma uyu ali ndi kakoma kake.

Lachisanu amayi aja anabwera, ndinawakhazika pansi nkuwaveka mahedifoni ndili ndi matama anga onse a Lachitatu. Patapita mphindi zinayi anavula nkundifunsa kuti pathera mbali yoyamba pali kuti. Akuti moyo wawo onse pamenepo nyimbo imaima, bambo awo amadzuka kukasintha chimbale, iwo ali mwana nkumadikira, ndiye yopanda kuima ikumveka ngati ya eni ake.

Apempha ndibwezeretse mipata yonse 7. Ndilowa Loweruka kukamasula misoko yanga ija.