Sitika yofufutika inatsala pang'ono kugonetsa mlonda kupolisi

Sabata yathayi inali ya kalembera wa katundu pachipatala chomwe ndimagwirapo ntchito kuno ku Chigwa cha Shire. Anzanga oyang'anira nyumba ndi zipangizo ntchitoyi mukuidziwa: sikana m'manja, wodi ndi wodi, kuwerenga barcode, timizere ta pa sitika tosunga nambala ya chipangizo, pa bedi lililonse, pa filiji ya katemera, pa makina a ku labu, mpaka mafani a kudenga. Owerengera chuma akubwera mwezi wamawa, ndiye akuluakulu akufuna kaundula akhale woyera msangamsanga. Lolemba ndi Lachiwiri zinayenda monga mwa masiku onse. Magetsi anazima masana, jenereta n'kuyatsira ku theatre kokha poti dizilo ngwochepa, Wi-Fi ya ku ofesi nayo zii, moti zonse zomwe tawerenga zimadikira m'sikana mpaka madzulo kuti zilowe mu pulogalamu ya kaundula pa kompyuta.

Chomwe chandilembetsa izi ndi Lachitatu.

Titamaliza wodi ya ana, pulogalamu inaonetsa kuti concentrator imodzi ya malita 10, makina osefa okosijeni mu mpweya kuti odwala azipuma, sinawerengedwe. Ife a ntchitoyi timadziwa tanthauzo lake: sikana sinakumane ndi nambalayo m'chipinda chomwe kaundula akunena. Basi. Koma lipotilo limapita lokha pa imelo kwa bwana woyendetsa chipatala, mzerewo uli wofiira, ndipo pofika 3 koloko masana anali atayimbira kale kampani ya alonda. Mlonda wa usiku wa geti la kuseri, bambo wachikulire amene wakhala pagetipo zaka zambiri, anamutengera kunyumba ali mtulo. Ndinawapeza atakhala pansi pakhonde la ofesi, chipewa chili m'manja, supavaiza wawo ataimirira pambali akuwalalatira. Atandiona anati, "Achimwene, makina amenewo ine ndingapite nawo kuti? Kwathu kulibe ndi magetsi omwe."

Ndinalowa mu ofesi. "Bwana, chonde tipatseni mpaka mawa m'mawa. Mawodi sitinamalize, sitinganene kuti chinthu chabedwa." Iwo anati, "Kompyuta yanena kale. Mukufuna tidikire mpaka akagulitse ku Mozambique?" Anavomera kuti za polisi ziyambe zaima, koma bambo aja anauzidwa kuti asaonekenso pageti.

Barcode ya mtundu wa Code 128 yomwe timamata ili ndi nambala yokha, ilibe china chilichonse m'kati. Sidziwa komwe makina ali. Malo omwe pulogalamu imaonetsa ndi a tsiku lomwe munthu anadutsitsa sikana komaliza. Izi ndinazifotokoza pamene tinkakhazikitsa dongosololi, ndazibwerezanso m'misonkhano, koma akuluakulu ambiri m'mutu mwawo muli zoti sitika ili ngati chija chimaikidwa m'galimoto n'kumaonetsa msewu womwe ikudutsa.

Sindinaweruke. Ndinayamba kuyenda paliponse pomwe pangafunike okosijeni, ndipo cha m'ma 8 koloko usiku ndinafika kuchipinda cha makanda ku matenite. Concentrator inalipo, ikulira pambali pa kabedi, katimachubu kali m'mphuno mwa khanda lobadwa masiku asanakwane. Nditawerama ndinaona masitika awiri. Yakale inali mbee, mizere yonse itachoka, kungotsala kachidutswa ka nambala pakona. Pamwamba pake panamatidwa yatsopano mopendama, ya nambala ina. Nditaiwerenga, pulogalamu inati chipangizochi n'chatsopano, chalowa m'kaundula Lolemba, chopanda mtengo, chopanda komwe chachokera.

Asisitala a usiku anatsegula buku lawo losiyirana ntchito n'kundionetsa. Loweruka usiku concentrator ya ku matenite inayatsa nyali yachikasu, kusonyeza kuti okosijeni yemwe ikutulutsa watsika mphamvu, khanda lili buu kulephera kupuma. Namwino anathamangira ku wodi ya ana, n'kukankha makina omwe sankagwiritsidwa ntchito panthawiyo. Analemba zonse bwinobwino, nthawi ndi siginecha. Anachita zomwe namwino aliyense wamutu ayenera kuchita. Kuti asinthe malo a makinawo mu pulogalamu akanatha bwanji? Sikana imagona yotsekeredwa mu ofesi yanga, ndipo malayisensi a pulogalamuyi omwe anagulidwa ndi a anthu a ku ofesi okha, palibe namwino ndi mmodzi yemwe amene angalowemo. Lolemba kalaliki waganyu yemwe anatumizidwa ku matenite anapeza sitika yosawerengeka, ndipo anatsatira lamulo lomwe anapatsidwa kuchokera kumtunda, loti chilichonse chopanda nambala achipatse yatsopano kuti tithe msanga. Makina amodzi anasanduka awiri m'kaundula, ena obedwa, ena ogwa kumwamba.

Kuti bwana akhulupirire panafunika umboni, ndipo apa m'pomwe mtima unandiwawa koposa. Kumbuyo kwa concentrator iliyonse kuli kachitsulo ka fakitale kokhala ndi serial number, nambala yomwe opanga amapatsa makina aliwonse, komwe sikafufutika. Nambala imeneyo ikanakhala mu pulogalamu, nkhani yonse ikanatha mu mphindi zochepa. Mulibe. Pamene tinkasamutsa kaundula kuchoka mu Excel, anatilamula kudumpha danga limenelo chifukwa kukwawira kuseri kwa makina aliwonse kumatenga nthawi, ndipo ankafuna kuonetsa bodi kuti ntchito yatha. Lachinayi m'mamawa amayi a ku sitolo anandithandiza kufukula mafayilo a 2021, nthawi ya Covid-19 pamene makina ambiri oterewa ankabwera ngati thandizo. Delivery note, pepala lobwera ndi katundu, inapezeka, yachita dzimbiri pa sitepulo, nambala yake n'kufanana ndendende ndi ya kuseri kwa makina a ku matenite.

Tsono za masitikawo. Ndinapempha a polyester osindikizidwa ndi riboni ya resin, omwe amapirira mankhwala ndi kutentha, komanso timapuleti ta aluminiyamu ta jenereta ndi mapampu a madzi. Ogula zinthu anabweretsa mapepala a direct thermal, amtundu womwewo wa malisiti a m'sitolo, poti ndiwo anali otsika mtengo pa makoteshoni atatu omwe analandira kwa ogulitsa. Pepala lotere silikhala ndi inki, kutentha ndiko kumalemba, choncho likakhala pa chitsulo chotentha limada lonse, likaombedwa ndi dzuwa limayera, ndipo likapukutidwa ndi sipiriti zilembo zimatha. Pachipatala makina amapukutidwa ndi sipiriti kapena klorini tsiku lililonse, ndipo kuno mu Okutobala kutentha kumapyola madigiri 40. Ankayembekezera chiyani?

Ndikudziwa kuti zinthu zavuta. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chakwera, ndipo ndalama zakunja n'zosowa. Sindikutsutsa. Koma ndalama zolipirira pulogalamuyi chaka ndi chaka, zomwe n'za madola, zimapezeka osavuta, chifukwa pulogalamu imaoneka bwino pa pulojekita pamaso pa alendo. Riboni, masitika olimba, sikana yachiwiri yoti izikhala kwa oyang'anira usiku, zimenezo akuti zidikire bajeti ina. Dongosolo likapunthwa, chala sichiloza wogula mapepala kapena wolamula kudumpha ma serial number, chimaloza munthu wa malipiro otsikitsitsa pampanda ponse, amene sangayankhe.

Bwana ataona pepala la 2021 lija anangoti, "Chabwino, konzani mu kompyutamo." Anaimbira kampani kuti mlonda abwerere. Kupepesa sindinakumve. Bambo aja anabwerera Lachisanu usiku, ndipo anandiuza kuti masiku omwe sanagwire awadula pa malipiro, komanso kumudzi kwawo nkhani yafala kale kuti anagwidwa akuba kuchipatala. "Mwandithandiza, mwanangu," anatero, koma sanandiyang'ane kumaso, ndipo ine ndinasowa chowayankha.

Masiku otsalawo ndinawathera pa mawondo. Ndafufuta nambala yabodza ija, ndalumikiza mbiri ya makinawo ku nambala yake yeniyeni kuti maola a sevisi ndi tsiku losintha mafyuluta zisasokonekere. Ndayamba kulowetsa ma serial number, kuyambira ma concentrator, mafiliji ndi ma UPS (mabokosi osunga magetsi othandiza akazima), ndipo pa chilichonse ndikulemba nambala ya kaundula ndi cholembera cha penti pansi pa sitika. Ku laundry ndi kukhitchini masitika ambiri ada bii, ndiye kumeneko ndikuwerenga pamanja ngati kale. Kalaliki waganyu uja ndamuuza kuti asasindikizenso sitika iliyonse ndisanaone kuseri kwa chipangizocho ndi maso anga.

Concentrator ya ku matenite yomwe inayatsa nyali yachikasu ija ikadali ku wekishopu, ikudikira ma sieve bed, zosefera okosijeni za m'kati mwake, omwe sakupezeka, kutanthauza kuti wodi ya ana yaperewedwa makina amodzi pomwe nyengo ya mvula ndi malungo yayandikira. Lolemba kuli msonkhano wa akuluakulu. Ndalemba kalata ya mfundo ziwiri, masitika a polyester ndi malipiro a bambo aja, ndipo ya malipiroyo ndaiika poyamba.