Foni Yanga Sinafe, Inangogona mu Ufa

Popeza alamu anga ayamba kale kuimwaza nkhaniyi pa WhatsApp, ndipo anyamata a njinga ku Kapata akundiitana kuti "a Ndowa", ndati ndiikambe ndekha isanamere mchira. Foni ili moyo, ndikulembera pomwepo. Ndipo amene akunena kuti ndinalira akunama, unali utsi wa kukhitchini.

Foniyo ndi Samsung Galaxy XCover6 Pro, ija yotseguka kumbuyo, batire mumalichotsa ndi chikhadabo n'kuikamo lina. Sindinagulire matama ayi. Amene mumagula nshawa ndi soya m'midzi ya ku Chadiza ndi ku Vubwi mukudziwa: fumbi tsiku lonse, foni igwe pa sikelo, igwe pa njinga yamoto, mlimi akudikira ndalama zake pa mobile money, batire n'kuthima. Onjezani chilala cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi akubwera pakati pa usiku anthu tili m'tulo. Munthu wanzeru amayenda ndi mabatire awiri. Ine ndine munthu wanzeru. Kungoti tsiku limenelo batire linalo ndinalisiya pa tebulo ku Chipata.

Tinali titachoka ku Kulamba ku Mkaika, kumapeto kwa Ogasiti, ndiye tinapatukira kwa apongozi kufupi ndi Katete. Mkamwini amayenera kukhala phee, kudya nsima, kuthokoza, kupita. Ndikudziwa. Koma alamu anga anayamba dala, akuti foni yanga ndi yonenepa, yosaoneka bwino, bwanji osagula yopyapyala yonga yawo. Pamaso pa anthu! Ndiye ndinangoti ndiwaphunzitse pang'ono.

Ndinafotokoza za IP68. Kuti 6 uja ndiye kuti fumbi sililowa, 8 uja ndiye madzi, ndipo opanga anaiyesa m'madzi akuya mita 1.5 kwa mphindi 30. Ndinatsegula chikuto, ndinatulutsa batire, la mphamvu ya 4050 mAh, ndinalikweza m'mwamba kuti aliyense aone. Ndinawauzanso kuti ngakhale ku Ulaya anakhazikitsa lamulo mu 2023 loti kuyambira 2027 mabatire a zipangizo zambiri za m'manja azisinthika ndi mwini wake, kutanthauza kuti azungu akubwera kumene kuno ndili ine. Apa anthu anati "eeh!", ine mutu n'kukula. Batire lija linayamba kuyenda m'manja mwa anthu, uyu kulipima kulemera, uyu kulinunkhiza.

Kenako apongozi aamuna, amene anali chete nthawi yonseyi, anatsokomola.

"Akamwini, inu mukuti ikalowa m'madzi siifa?"

"Siifa, atate."

"Iwe, tenga ndowa."

Tsopano mundiuze, mukanakhala inu mukanatani? Mukanati atate dikirani ndiwerenge kaye zinthu zanga? Mwana anabwera ndi ndowa yodzaza, yochokera ku mjigo kumene. Ine ndinatenga chikuto n'kutseka bwinobwino, ndikudina m'mbali monse, tha, tha, tha, chifukwa kampira ka m'kati kakapanda kugwira bwino madzi amalowa, ndipo zimenezi ndinawafotokozeranso ndikutseka. Foni inkaoneka ngati yapepuka, zoona, koma ndinaganiza kuti ndi mphamvu za nsima ya apongozi. Ndinaiponya. Chubwi!

Ndipo ndi pakamwa pangapa ndinali nditanena kuti mphindi 30.

Abale, simunaonepo mudzi wonse utazungulira ndowa. Amuna pa mipando, amayi pa mphasa chapatali akusuzumira, ana atagwada, galu naye anabwera. Palibe wolankhula. Foni ili pansi apo, yakuda bii, tinthubwinthubwi tiwiri tinakwera pamwamba n'kutha. Mdala wina anavula wotchi n'kuiika pa bondo kuti ndisabe nthawi. Mayi wina amene ankapita kuchigayo anatula thumba n'kukhala pansi, osafunsa n'komwe kuti tikuonera chiyani. Nkhuku inafika, inayang'ana m'ndowa, inamwa madzi, inachoka. Ine ndinapinda mwendo, ndikumwetulira, ndikuuza anthu kuti musadandaule, iyi ndi ntchito yake.

Alamu anga ndiwo anaononga zinthu. "Tiiyimbire tione ngati ilira m'madzimo." Anaika pa sipika. Mudzi wonse unamva mawu a mayi uja wa pa netiweki akunena kuti nambala imeneyi siikupezeka. Ndinati n'zachidziwikire, netiweki siyenda bwino m'madzi, ndipo mpaka lero ndikuumirira kuti pamenepo ndinanena zoona, funsani aliyense wodziwa. Anayimbanso. Mayi uja anabwerezanso. Anayimbanso kachitatu, kuti amene anali kumbuyo amve bwino.

Nthawi itakwana mdala wa wotchi anakweza dzanja. Ndinapinda malaya, ndinaivuula, ndinaipukuta pa thalauza, ndinadina batani. Zii. Ndinadinanso kwa nthawi yaitali. Zii. Ndinaigwedeza, ndinaiuzira mpweya, ndinailankhula chamumtima mawu amene sindingalembe pano. Mkulu wa mpingo amene anali pambali panga anavula chipewa. Wina kumbuyo anati, "Pepani, akamwini," ndi mawu enieni a pamaliro, ndipo ena anayankha "mmm" onse pamodzi.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinatsegule kumbuyo. Chifukwa ndine wodziwa zinthu! Foni yonyowa simuitsegula, mungalowetse madzi. Ndinawaletsa ndithu anyamata amene ankafuna kuitsegula.

Apa m'pamene apongozi aakazi, amene sitiyang'anana n'komwe, anatuma mawu kudzera kwa akazi anga kuti anamva zoti foni yonyowa amaikwirira mu mpunga. Mpunga panalibe. Panali ufa woyera, wa m'dengu, wosungira alendo. Ine ndikudziwa kuti zimenezi sizithandiza, koma mkamwini angakane chithandizo cha apongozi? Foni ya fumbi ndi madzi, yoti anthu amagwira nayo ntchito m'migodi ndi pa zomangamanga, inakwiriridwa mu ufa, n'kuvundikiridwa ndi lichero, n'kuikidwa pansi pa bedi kuti igone. Usiku wonse ndinkamva alamu anga akuseka kuseri kwa nkhokwe.

M'mawa ndinaifukula ili mbuu, pa doko la chaja pataumbika kaphala. Ndinapita kuseri kwa nyumba ndekha, ndinatsegula chikuto kuti ndione mmene madzi aonongera. M'kati munali gwa, mouma, ngakhale dontho. Chonde mfundo imeneyi muilembe penapake, chifukwa alamu anga amaidumpha. Mouma. Komanso mopanda batire.

Tinalifuna mudzi wonse. Ana anafufuzidwa m'matumba, galu anaganiziridwa. Dzuwa litakwera m'pamene agogo a akazi anga, atakhala padzuwa akufwenkha fodya wawo, anafunsa kuti kodi chikusowa n'chiyani. Anamasula mfundo ya pa chitenje. Munali ndalama zachitsulo, kabotolo ka fodya, ndi 4050 mAh yanga.

"Agogo, limenelo ndi batire langa."

"Amuna anga, chikwatirire muno simunandipatseko kanthu. Dzulo mwandipatsa ndi manja anu, anthu akuona. Lero mukuti chiyani?"

Sindinawapatse ine. Linadutsa m'manja mwa anthu ambiri lisanawafike. Koma mlandu umenewu unakambidwa pansi pa mtengo wa mango, apongozi aamuna ali pakati, ndipo chigamulo chinali chakuti ndiliwombole ndi shuga ndi sopo. Ndinalipira. Ndinaika batire, foni inayaka nthawi yomweyo, koma anthu anali atabalalika kale kupita kumadimba, ndiye amene anaona ndi galu yekha ndi ana awiri, ndipo anawo akuti sakukumbuka.

Sipika mpaka pano imalankhula ngati munthu wa chimfine, ufa sunathe ngakhale ndatsuka ndi mswachi. Agogo atumiza uthenga kuti anamva zoti kuli linanso ku Chipata.