Mmene ndinasamutsira malonda a mwezi kuchoka pa till kupita pa kompyuta

Golosale ya amalume anga ili ku Area 25 mu Lilongwe, ndipo kwa zaka zambiri hisabu yake yonse inkakhala m'kope lachikuto cholimba. Potseka madzulo, mtsikana wa pa till ankasindikiza lipoti la Z, lowonkhetsa malonda a tsikulo, n'kulimata m'kopemo, basi. Tsiku lina amalume anafuna kudziwa katundu amene akuyenda kwambiri pakati pa shuga, mafuta ophikira, sopo ndi zakumwa. Nditatsegula kope lija ndinapeza mapepala a miyezi yoyambirira atayera mbee. Pepala la pa till silidya inki, limalembedwa ndi kutentha, ndiye likakhalitsa kapena likaona dzuwa manambala amazimirira okha. Amalume anangoti, "Iwe si unaphunzira zamakompyuta? Kazione." Pothawira panalibe.

Choyamba chimene ndinaphunzira ndi kusiyana kwa X ndi Z. Lipoti la X limangokuonetsa zimene zagulitsidwa kufika nthawi imeneyo, ukhoza kulisindikiza kakhumi osasintha kanthu. Z ndiye amatseka tsiku, n'kubweza manambala a tsikulo pa ziro. Choncho ndinadikira shopu itsekedwe, Z atuluke, ndiye ndinayamba kugwira makinawo. Kuchita zimenezi makasitomala ali pamzere n'kudziputira mkwiyo.

Ndinalowetsa flash yanga kumbuyo kwa makina, koma sanaione n'komwe. Ndinayesa kawiri katatu, mpaka buku la makinawo, limene linali pansi pa kauntala litadyedwa ndi mphemvu m'mbali, linandiuza kuti amafuna flash yofomatidwa mwa mtundu wotchedwa FAT32. Ndinatenga ina yaing'ono ya 8GB, n'kuifomata pa laputopu. Samalani apa, kufomata kumafufuta zonse zili m'flashimo. Kenako ndinalowa ndi nambala yachinsinsi ya manijala, chifukwa ya wogulitsa silola kutulutsa malipoti, n'kusankha masiku kuyambira pa 1 mpaka pa 30 April. Munatuluka mafayilo atatu a CSV, aja a mawu ndi manambala okhaokha amene amatseguka mu Excel: la katundu mmodzimmodzi, la magulu a katundu, ndi lalitali lolemba lisiti lililonse ndi nthawi yake.

Apa ndi pamene ndinadzipweteka ndekha. Ndinangodina fayilo kawiri, n'kutseguka mu Excel, ine n'kumwetulira. Nditayang'anitsitsa, manambala a barcode, aja a madijiti 13, anali atasanduka zinthu ngati 6E+12. Makodi amene tinapanga tokha a buledi ndi mazira, oyamba ndi ziro monga 0045, anangotsala 45. Choipa kwambiri, ndinadina Save pa fayilo yomweyo, ndipo manambala enieni aja anapita osabwerera. Mawa lake ndinakatulutsanso ku shopu. Kuyambira pamenepo fayilo yochokera m'makina sindiikhudza. Ndimaikopera kaye mufoda ina, ntchito n'kumagwirira pa kopeyo.

Njira yabwino ndi kutsegula Excel yopanda kanthu, kupita pa Data, n'kusankha From Text/CSV. Pamenepo umauza kompyuta wekha kuti mzere wa barcode ndi wa makodi ukhale Text, osati nambala yowerengera. Umaonanso ngati fayilo yagawidwa ndi koma kapena semicolon, apo ayi zonse zimaunjikana mumzere umodzi ngati thumba la makala.

Madeti anandivutitsa kuposa zonse. Makina athu amalemba tsiku kenako mwezi, monga timalembera kuno, koma laputopu yanga inali itatcheredwa pa United States kumene amayamba ndi mwezi. Ndiye 03/04, amene ndi 3 April, inamuwerenga ngati 4 March. Kuyambira pa 13 kupita m'tsogolo inasowa chochita, popeza kulibe mwezi wa 13, n'kungowasiya ngati mawu. Chizindikiro chake n'chosavuta: madeti ena amakankhikira kumanja kwa bokosi, ena kumanzere. Ndinasintha Region pa kompyuta kukhala English ya United Kingdom, n'kulowetsanso fayilo, zonse zinakhala m'malo mwake.

Nditawonkhetsa malonda a tsiku limodzi, ndinatenga pepala la Z la tsiku lomwelo kuti ndifananize. Sizinagwirizane, za pa kompyuta zinali zochulukirapo. Ndinayamba kale kuganizira anthu zoipa, Mulungu andikhululukire. Chonsecho m'fayilo yaitali ija munalinso malisiti ofafanizidwa, aja wogulitsa amalowetsa m'makina kenako n'kubweza kasitomala akasintha maganizo. Anali ndi chizindikiro cha VOID mumzere wakumapeto umene sindinaulabadire. Nditawasefa, nambala inafanana ndi ya pa Z mpaka tambala. Ndinayesanso masiku ena anayi osankha mwachisawawa ndisanakhulupirire mwezi wonse.

China chimene fayilo inaulula n'chakuti ndalama za Airtel Money ndi Mpamba zinkalowetsedwa ngati kashi. N'chifukwa chake m'dirowa ndalama zinkaoneka zoperewera madzulo aliwonse, amalume n'kumang'ung'udza. Tinapatsa njira iliyonse yolipirira batani lakelake.

Ndinenepo kuti zonsezi n'zotithandiza ife eni kuona mmene bizinesi ikuyendera. Za msonkho zili ndi njira yake: bungwe lotolera msonkho la MRA linayambitsa makina otulutsa malisiti a msonkho, otchedwa EFD, mu 2014 kwa olembetsa VAT, ndipo fomu ya VAT imayenera kuperekedwa pofika pa 25 mwezi wotsatira. Fayilo yanga ya Excel silowa m'malo mwa zimenezo, kungoti akauntanti wathu sakhalanso usiku akuwonkhetsa timapepala.

Zotsalazo zinali zopepuka. Ndinapanga PivotTable, tebulo la mu Excel lowonkhetsa manambala lokha, magulu a katundu kumanzere, masabata pamwamba. Zinaoneka kuti mafuta ophikira ndi shuga zimathamanga sabata ya malipiro, pomwe buledi amayenda mofanana mwezi wonse, makamaka isanakwane 8 koloko m'mawa. Mabisiketi ena amene anadzaza shelefu yonse anagulidwa mapaketi owerengeka chabe.

Nditawaonetsa pa laputopu, amalume anavala magalasi, n'kuyang'ana kwa nthawi ndithu. Kenako anati ndikawasindikizire papepala lenileni la inki. Ndinakasindikiza ku Nsungwi, ndipo iwo analimata m'kope lachikuto cholimba lomwe lija.